Mvula Ikayamba, Muzimeta

Zaka zimene ndinayenda sindinaziwerenge. Chimene ndikudziwa n'chakuti ponyamuka, tsitsi logwera pamapewa anga pometa linali lakuda, ndipo pobwerera linali ngati phulusa. Pakati pa ziwirizi pali misewu, ndi mphika umodzi umene ndinkaunyamula m'dengu.

Mumphikamo munali duwa la mkazi wanga, Nakwenda. Asanakwatiwe anagwirapo ntchito m'dimba la masisitere, ndipo sisitere wina wochokera ku chilumba chachikulu cha kunyanja yamchere anampatsa kanthambi ka duwa limene kuno silimera lokha. Ndikuti duwa chifukwa ndilibe mawu ena. Masamba ake ndi aatali ngati a mango. Kunsonga kwa tsamba kumatuluka kachingwe, nsonga ya kachingweko imatupa pang'onopang'ono mpaka kusanduka chikho chokhala ndi chivundikiro chake. Chikho chikakhwima chimavundukuka chokha, ndipo m'kati mumapezeka muli kale madzi, osati a mvula, ake omwe. Nyerere ndi ntchentche zimabwera kudzanyambita zotsekemera za m'mlomo mwa chikho, zimaterereka, zimagweramo, osatulukanso. Chakudya chake n'chimenecho. Mkazi wanga analitcha Nazikho, ngati mayi wa mfunda wake, ndipo pakhomo tonse tinkamutchula ngati munthu.

Ine Nazikho sindinkamusamala. Ndinali mkamwini, m'mawa kumunda, masana kudimba. Ndinkangodutsa pakhonde n'kuona zikho zikulendewera, khumi, nthawi zina kuposa, zobiriwira zamathothomathotho ofiira. Mmene zinkabwerera sindinafunsepo. Amene ankakhala pakhondepo ndi mayi ake anali mwana wathu mmodzi yekhayo, Sungeni.

Nakwenda anadwala nthawi yotentha, mitengo itayamba kuphukira mvula isanabwere. Tsiku lomaliza, dzuwa litakwera pang'ono, anandiitana. M'nyumbamo tinalimo awiri. Maso ake anali kukhomo, ine n'kumaganiza kuti akuyang'ana njira imene ati adzere.

"Bambo a Sungeni."

"Wawa."

"Mvula ikayamba, muzimeta."

"Ndamva."

"Muzimeta pansi penipeni. Osamva chisoni."

Amenewo anali mawu ake omaliza. Mawuwo sanandivute kumva. Kwathu maliro akatha timameta, kuti chisoni chitsike pamodzi ndi tsitsi. Ndinati mkaziyu amandidziwa kuti ndimasunga zinthu mumtima, ndiye akufuna ndizimeta chaka ndi chaka kufikira chisoni chitatha. Sindinauze munthu. Anali mawu anga.

Tinameta koyamba, tinameta kachiwiri, kenako inafika nthawi yondisudzula. Alamu anga a Gelevazio, mwini mbumba, anandikhazika pamphasa.

"Alamu, mlongo wathu munamusunga bwino. Lero mwamasuka. Za nyumba ndi munda mukudziwa kale, mwananso ndi wa pano. Pa zotsalazi tengani chimene mtima wanu wafuna."

"Mphika uwo."

"Mbuzi zilipo zitatu, alamu. Njinga ilipo."

"Mphikawo."

Akazi awo anaseka chapansipansi. "Asiyeni. Apeza mnzawo wosayankhula."

Pamenepo n'kuti zikho zonse zitauma, chimodzichimodzi, kuyambira mwezi wa maliro. Chinatsala ndi thunthu, masamba, ndi kansalu kofiira kong'amba kuchitenje kamene mkazi wanga anamangirira m'munsi mwa thunthulo, pafupi ndi dothi.

Sungeni anandiperekeza mpaka pamlatho wamitengo. Anali ndi zaka khumi ndi chimodzi.

"Mubwera liti, ababa?"

"Nazikho akabala chikho, ndibwera nacho udzaone."

Ndinkaganiza kuti ndi nkhani ya mvula imodzi. Ine sindiyankhula mawu ambiri, ndipo ochepawo sindiwabweza.

Malo oyamba anali kwathu kumene ndinabadwira, mudzi wa dothi lofiira. Ndinapeza munda wanga wakale uli ndi mwini wina. Akazi a achimwene anga anandipatsa madzi m'chikho, maso ali padengu.

"Mwanyamula chiyani, alamu?"

"Duwa."

"Limabala?"

"Linkabala."

Anali mayi wachifundo. Tsiku lina ndikuchokera kothandiza achimwene kupalira anandichingamira akumwetulira. "Duwa lanu lija laonda ngati mwini wake. Ndaliikira zitosi za nkhuku." Patapita masiku anayi masamba anayamba kuda m'mphepete ngati apsa ndi moto. Ndinamuzula Nazikho, ndinapita naye kumtsinje, ndinatsuka mizu yake yopyapyala ngati tsitsi. Ndili m'madzimo ndinakumbukira kuti mkazi wanga ankatsuka mchenga asanauike mumphika, n'kusakaniza ndi makala ndi makungwa, popanda dothi lakumunda. Ndinkaona ngati ndi ukhondo wa akazi. Tsiku limenelo ndinadziwa kuti Nazikho amakhala ndi moyo m'dothi lanjala, ndipo chifundo cha mlimi chimamupha.

Achimwene atafunsa kuti nanga amadya chiyani, ndinawauza kuti ntchentche. Iwo anakanena pabawo. Pochoka pabawo zinali mbewa. Pofika pachitsime zinali anapiye. Mwana wa nyumba yoyandikana atadwala, achimwene anabwera n'kukhala patali pang'ono ndi ine, maso pansi.

"Anthu akuti chinthu chodya nyama sichikhala pakhomo pa munthu wabwino. Tayani, mukhale. Munda tigawana."

Ndinamanga dengu. Mvula yoyamba inandipeza panjira. Ndinabisala m'khumbi la mkulu wina wosoka nsapato, ndinamupempha lezala, ndipo anandimeta yekha mpala. Tsitsi linatsika. Chisoni chinakhala.

Malo ena anali dambo louma kumene anthu ankaumba njerwa. Mkazi wa mwini uvuni anandipatsa madzi m'kapu yapulasitiki.

"Mwanyamula chiyani?"

"Duwa."

"Limabala?"

"Linkabala."

Mwamuna wake, a Thawale, anandiphunzitsa kuponda matope, kuwathira m'chikombole, kugubuduza njerwa isanagawanike, ndi kupanga uvuni woti moto uyende. Madzi kumeneko anali a pamjigo. Nazikho ndinkamuthirira omwewo, ndipo pamwamba pa mchenga panayamba kuyera ngati pathiridwa ufa. Masamba atsopano ankatuluka aang'ono, zingwe zake zinkauma zisanatalike.

A Thawale anabweretsa ketulo yawo n'kundionetsa m'kati. Munali chikhakha choyera.

"Madzi a pansi pano ali ndi mchere, akulu. Chitsulo chikulira chonchi, nanga tsamba?"

Ndinakumbukiranso mtsuko umene unkakhala pansi pa denga lathu, umene mkazi wanga ankaletsa kutungamo. Kuyambira pamenepo Nazikho anamwa madzi a kumwamba okha. M'chilimwe ndinkayala lata lakale panja, m'mamawa n'kukokolola mame ndi kansalu. Ankakwana theka la kapu. Ndinkagawa kawiri.

Woumba njerwa amadana ndi mvula. Ine ndekha padambo lonselo ndinkayang'ana kumwamba ndi maso ena. Chaka china inabwera msanga, njerwa zosawotcha zili mbwee pabwalo. Anthu ankathamanga ndi udzu ndi mapepala apulasitiki kukafunditsa. Ine anandipeza nditaima pakona pa denga ndi beseni. Njerwa zinabwerera kukhala matope. A Thawale sanakalipe.

"Mtima wanu suli panjerwa," anatero. "Pitani kumene uli."

Sindinawauze kuti kumene uli sindingapiteko popanda chikho.

Ndinafika m'tauni ya fumbi ndi mabasi, mvula ikadali yatsopano, n'kulowa m'kanyumba kometera pafupi ndi msika. Wometayo anali Che Lemani, munthu amene pakamwa pake sipankatsekeka. Anandimeta, anandifunsa mafunso khumi, ndinayankha awiri.

"Inu ndi amene ndimafuna," anatero. "Muno oyankhula takwana. Tikusowa womvera."

Ndinayamba ndi kusesa tsitsi. Kenako anandigwiritsa makina, kenako lumo, kenako lezala. Anandiphunzitsa kuti mutu uliwonse uli ndi kumene tsitsi lake limagonera, ndipo ukalimbana nako umatema munthu. Nazikho ndinamuika pawindo, pamene dzuwa la m'mawa linkafika koma la masana ayi. Aka kanali koyamba kukhala m'nyumba, ndipo anakukonda. Anayamba kuyanga. Thunthu linakwera m'mphepete mwa windo, linazungulira galasi, linafika kudenga. Masamba a m'munsi ankagwa, a kumwamba ankaphuka, pakati n'kutsala chingwe chouma chabulawuni. Kunsonga kwa tsamba lililonse kunali kachingwe kopindika ngati chala chokodola munthu, ndipo ndinkatiyang'ana tonse m'mawa uliwonse. Palibe kanatupa.

Odzametetsa ankamuseka.

"Akulu, nyembazi tidya liti?"

"Si nyemba izi. Ndi chamba cha kunja, n'chifukwa chake mwini wake sayankhula."

Tsiku lina kulibe anthu, Che Lemani anaima pawindo lumo lili m'manja. "Achimwene, mnzanuyu wakula ngati tsitsi la wamisala. Bwanji timuchepetseko?"

"Ayi."

"Chifukwa?"

"Thunthu ili ndi limene anasiya. Manja ake anagwira pamenepa."

Anayang'ana kansalu kofiira kaja, kamene panthawiyo kanali katayamba kutuwa, n'kubweza lumo m'thumba. Tsiku lonse limenelo sanayankhule, ndipo anthu ankamufunsa ngati wadwala.

M'kanyumba momwemo tsiku lina munalowa bambo wogulitsa fodya. Nditamufunditsa nsalu anandiyang'ana pagalasi nthawi yaitali.

"Si inu mkamwini wa kwa a Gelevazio?"

"Ndine."

"Mwana wanu uja wakula. Anavinidwa chaka chatha. Basi ikaima pamsewu amatuluka kukaona otsika." Anadikira. "Ndikamuuze chiyani?"

Makina ankalira m'dzanja langa. Ndinayang'ana kuwindo.

"Mukamuuze kuti sanabale."

"Basi?"

"Basi."

Analipira, anatuluka, sanabwerenso. Patapita nthawi msewu unakulitsidwa ndipo tinyumba tonse ta m'mphepete tinagwetsedwa. Che Lemani anandipatsa lezala yake yopinda kuti ndizimukumbukira. Nazikho ndinamumasula kudenga pang'onopang'ono, ndinamukulunga ngati chingwe cha pachitsime, n'kumugoneka m'dengu.

Ndinamva kuti kuli phiri kumene nkhungu simachoka, ndipo ndinapitako. Kumeneko anthu ankacheka matabwa ndi sowo yaitali, mmodzi pamwamba pa chipika, wina m'dzenje. Ine ndinali wa m'dzenje, utuchi ukugwera kumaso. Ndinaphunzira kuti sowo sakankha, amakoka, ndipo awiri osamvana sacheka thabwa lowongoka. Ndinkagona m'kanyumba ka mayi wina wamasiye wogulitsa nthochi, dzina lake Elube. Tsiku lofika anandipatsa madzi m'chikho chenicheni, cha mphonda.

"Mwanyamula chiyani, bambo?"

"Duwa."

"Limabala?"

"Linkabala."

"Ngati ine," anatero, n'kuseka yekha.

Kuphiriko ndinamutulutsanso Nazikho panja. Ndinamupachika pamtengo wa mapeyala, ndinamuyalira ndere za pamiyala ya mumtsinje kuti mizu isaume. Mpweya wakumeneko unali wonyowa ngati nsalu yosafinya. Masamba anawala. Ndipo m'mawa wina, kumwamba kwenikweni, ndinaona nsonga ya kachingwe kamodzi itatupa ngati njere ya mpunga. Sabata yotsatira inali ngati nyemba. Ndinayamba kuchapa malaya anga abwino. Ndinafunsa mtengo wa basi. Ndinkaganiza kuti ndikafika ndidzamutchula bwanji mwana wanga, iwe kapena inu.

Kenako kunabwera chiperoni. Masiku asanu ndi limodzi, mphepo yozizira ndi mvula yamawawa yosaleka. Ndinamufunditsa bulangete langa. Dzuwa litatuluka ndinakwera pamtengo n'kupeza kanyemba kaja katada. Ndinakakhudza, kanagwera m'dzanja langa.

Elube anandipeza nditakhala pansi pa mtengowo. Anakhala pambali panga n'kunena kuti, "Bambo, ine ndili ndi munda wa nthochi ndi nyumba yosadontha. Inu simumwa, simumenya, simuyankhula. Kwa ine zakwana. Mukudikira chikho chaka ndi chaka, pamene ine ndimakupatsani madzi m'chikho tsiku lililonse."

"Ndinalonjeza mwana."

"Ndiye pitani kwa mwanayo."

"Sanabale."

Anandiyang'ana ngati munthu woyang'ana thabwa lokhota limene sangaliwongole. "Mwana amafuna bambo ake. Duwa amalifuna ndinu."

Ndinadziwa kuti akunena zoona. Koma mawu aja ndinali nditawanyamula nthawi yaitali kwambiri, moti kuwatula kukanatanthauza kuti zaka zonse zija ndinangozitaya. Mvula itayamba ndinadzimeta ndekha ndi lezala ya Che Lemani, kuseri kwa nyumba, popanda galasi. Tsitsi linali litayamba imvi. M'mawa mwake ndinatsika phiri. Elube anandiikira phava la nthochi m'dengu, sanandiperekeze.

Malo otsatira amasakanikirana m'mutu mwanga. Kunali chigwa chotentha kumene ndinkawolotsa anthu pabwato. Kunali munda wa thonje. Kunali chigayo kumene ndinkatuluka nditayera ngati mzukwa. Paliponse panali mayi wondipatsa madzi ndi kundifunsa chimene ndanyamula, ndipo nthawi zina ndinkaona ngati ndi mayi mmodzimodzi amene amandidutsa panjira n'kukandidikira kutsogolo. Paliponse mvula inkayamba, ine n'kumeta.

Mkazi wanga ndinkamulota kawirikawiri, loto limodzimodzi. Ali pakhonde, atagwada, atandifulatira, lezala ili m'dzanja. Ine ndimafika, ndimagwada pambali pake, ndimaweramitsa mutu. Ndimadikira. Lezala sifika. Ndikadzutsa mutu ndimapeza akundiyang'ana ngati munthu amene waimirira pamene pakufunika kudutsa.

Nazikho anatalika mpaka kuposa anthu atatu ogona motsatizana, koma anali chingwe chokhachokha. Masamba anatsala asanu kunsonga kwenikweni, kenako atatu, kenako awiri achikasu. Ndinamupatsa zonse zimene misewu inandiphunzitsa: mchenga wotsuka, madzi a kumwamba, dzuwa la m'mawa, ndere. Ndinaona kuti akupita. Ndinati ngati afe, akafere pamanda a mwini wake. Kumeneko sikunali kubwerera. Ndinkangoperekeza.

Mvula yoyamba inandipeza kutatsala masiku awiri kuti ndifike. Ndinameta pansi pa mlatho, ndinavala chipewa, ndinapitiriza.

Mlatho wamitengo uja unali wasimenti. Kumanda munthu salowa yekha, choncho ndinayenera kuyamba ndaonekera kwa eni mbumba. Nyumba ya a Gelevazio ndinaipeza itagwa, pabwalo patamera maungu. Yathu ija inalipo, yofoleredwa ndi malata. Pakhonde panali mayi akusankha nyemba, mwana ali kumsana. Ndinaima patali. Anandiyalira mphasa, analowa, anatuluka ndi madzi m'chikho, anagwada pondipatsa monga achitira kwa mlendo aliyense.

"Mwanyamula chiyani, agogo?"

"Duwa."

Ndinadikira funso lachiwiri. Silinabwere. Anavundukula nsalu ya padengu, anayang'ana chingwe chokulungacho, anapisa dzanja mpaka pansi n'kugwira kansalu kaja, kamene tsopano kanalibe mtundu.

"Nazikho," anatero.

Mwana wa kumsana anadzuka n'kugonanso.

"Amalume anamwalira zaka zinayi zapitazo," anatero osandiyang'ana. "Ine ndinavinidwa, ndinakwatiwa. Mwana woyamba ndinamuika, ali pafupi ndi amayi. Uyu ndi wachiwiri. Pamsewu ndinasiya kupitapo nditaika woyamba uja."

"Ndinanena kuti akabala."

"Ndinamva. Anandiuza bambo wa fodya."

Anatulutsa mphika m'dengu, anamasula chingwe, chinayenda khonde lonse mpaka kutsikira pabwalo. Anapukusa mutu.

"Munamumeta liti komaliza?"

"Ndani?"

"Nazikho. Sakuoneka kuti anametedwapo."

Iye anapitiriza, akuyendetsa chala pathunthu.

"Amayi ankamumeta chaka chilichonse mvula ikayamba. Ankati akatalika amaiwala zikho, amangoganiza zokwera. Ine ndinkagwira thunthu, iwo n'kudula. Kansalu aka mukuganiza n'kachiyani? Ndi pometera. Ndinkalira kuti mukumupha, iwo n'kumati iwe, pometa Nazikho osamva chisoni."

Ndinavula chipewa. Sindinadziwe china chochita. Anayang'ana mutu wanga wampala, pamene lezala inanditema pansi pa mlatho paja.

"Anandiuza tsiku lomaliza," ndinatero. "Anati mvula ikayamba muzimeta. Pansi penipeni. Osamva chisoni."

"Ndiye?"

"Ndinkameta ine."

Anatsegula pakamwa ngati aseke. Phokoso limene linatuluka silinali kuseka. Anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka, mwana akugwedezeka nawo. Ine ndinayang'ana kukhomo kwa nyumba. Kuchokera pamene panali mphasa ya mkazi wanga tsiku lija, munthu akayang'ana kukhomo, maso amagwera pakona ya khonde pamene mphika unkakhala.

Atatembenuka anatambasula dzanja. Ndinamupatsa lezala ya Che Lemani.

"Gwirani thunthu."

Ndinagwira. Anadula kamodzi, chala chimodzi pamwamba pa kansalu. Zaka zonse zija zinagwera pabwalo, nkhuku n'kubwera kudzaona ngati n'zodya. Mumphika munatsala kachitsa kosakwana chikhatho.

"Akhoza kuphuka, akhoza kufa," anatero. "Sindikulonjeza. Kuno kulonjeza tinasiya."

"Ndikadikire kuti?"

Anapukuta lezala pachitenje, anaipinda. "Munati mudzabwera akabala. Wabala?"

"Sanabale."

"Ndiye simunabwere. Kuseri kuli kanyumba kamene timagoneka alendo."

Ndinakhala m'kanyumbako. Mwamuna wake, munthu wofatsa, ankandipatsa moni ngati apongozi, koma Sungeni ankanditchula kuti alendo. Alendo, madzi osamba ali uko. Alendo, dzuwa lafika pamphika. Ndinkalima nawo kumunda umene kale unali wa mkazi wanga. Anthu a m'mudzi ankabwera kudzametetsa pansi pa mtengo, ndipo ndinkawameta. Kumanda anandiperekeza kamodzi. Kunali mitumbira iwiri, waukulu ndi waung'ono, ndipo pa waung'onowo sindinadziwe dzina loti nditchule.

Mwezi woyamba kachitsa kanangokhala. Mwezi wachiwiri kanangokhalanso. Mkati mwa mwezi wachitatu, pansi pa kansalu, pamene thunthu limalowa mumchenga, panatuluka kansonga kobiriwira ngati dzino la khanda. Kanatambasula tsamba, kenako lina, kenako lina. Mvula inatha, ndinathirira madzi a mumtsuko wa pansi pa denga. Tsamba lachisanu linatulutsa kachingwe kofiira kolunjika pansi. Nsonga yake inatupa ngati mpunga, kenako ngati nyemba. Sindinachape malaya. Sindinauze munthu. Inapitirira nyemba.

M'mawa wina chinali chikho, chachitali ngati chala changa chachikulu, chamathothomathotho, chivundikiro chikadali chotseka. Ndinachigwedeza pang'ono pafupi ndi khutu. M'kati munali madzi.

Ndinaika mphika m'dengu. Ndinadzera kuseri kwa nkhokwe, ndinadutsa m'munda, ndinakafika pamlatho. Pamenepo ndinatembenuka n'kuyenda njira imene anthu otsika basi amadzera. Tsitsi langa linali litamera, loyera lonse, ndipo chipewa ndinali nditachisiya. Ndinaima pabwalo.

"Odi."

Anali pakhonde akupeta. Anayang'ana ine, anayang'ana dengu. Lichero linaima. Kenako analitula pamphasa.

"Odini."

Ndinatula dengu patsogolo pake. Anagwada, ananyamula chikho ndi nsonga ya chala, monga ankachitira ali wamng'ono. Amene ndinamulonjeza uja, wa zaka khumi ndi chimodzi, amene akanadumpha n'kuitana anzake, panalibe. Ndinamusiya pamlatho wamitengo, ndipo mlathowo unachotsedwa. Amene anayang'ana chikhocho anali mayi amene anaika kale mwana wake m'manda.

"N'kakang'ono," anatero. "Za amayi zinkakula kuposa apa."

"Zinkakula."

Anasiya chikho, chinagwedezeka pang'ono pakachingwe kake n'kuima. Anatenga lichero, anasendera kumbali kuti pamphasa patsale malo.

"Mwachedwa, ababa," anatero.